Mayankho Athu Anakwera Ilala

Mu 2010 ndi 2011, ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inayendera mabanja oposa 12,000 m'dziko muno, kuwafunsa zimene amadya, zimene amakolola, ndalama zimene amapeza ndi matenda amene amawasautsa. Kafukufukuyo amatchedwa IHS3, ndipo ndi amene anatulutsa ziwerengero za umphawi zimene boma ndi mabungwe anatsamirapo zaka zingapo zotsatira. Ofunsa mafunso anafika m'maboma onse kupatula limodzi. Chikalata chofotokoza momwe ntchitoyo inayendera sichibisa: Likoma anamusiya dala, chifukwa pa Amalawi 1,000 alionse wa ku Likoma ndi mmodzi yekha, mwinanso osakwana, ndipo kuwolotsa gulu la anthu ndi katundu wawo panyanja kukanadya ndalama zambiri. Chikalatacho chili pa intaneti, m'nkhokwe ya World Bank, ndipo sachilipiritsa. Munthu wa ku Makulawe kapena ku Nkhwazi pachilumbapo, akakhala ndi bandulo ndi Chingerezi chokwanira, angathe kudziwerengera yekha chifukwa chimene sanafunsidwe.

Sindiwaimba mlandu anthu a ku Zomba aja. Aliyense amene anadikirapo sitima ya Ilala pa Nkhata Bay, mwera utawuka, akudziwa kuti ulendo wa kwathu suyenda ndi kalendala ya mu ofesi. Ndipo pa kafukufuku wotsatira, IHS4 wa mu 2016 ndi 2017, anatiphatikiza. Koma bowo limene linatsala silitsekeka. Mukafuna kudziwa ngati banja la pachilumba linkadya bwino mu 2010 kusiyana ndi lero, mafayilo a IHS3 alibe chokuuzani, chifukwa funsolo silinawoloke nyanja.

Zinthu izi ndinazilowa chifukwa cha mwana wa mlongo wanga, amene ali kuyunivesite kumtunda. Anabwera pa holide ndi ntchito yolemba za amayi ogulitsa usipa, ndipo poti ine ndine amalume okhala ndi laputopu, khonde langa linasanduka laibulale. Ndiyenera kunena chilungamo: zimene zilipo kwaulere masiku ano n'zochuluka moti m'badwo wanga sukanazilota. Lipoti la kalembera wa 2018 lili pa tsamba la ofesi ya ku Zomba ija, ndipo limati m'Malawi munali anthu 17,563,749, mwa iwo 14,527 a m'boma la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu. Yunivesite ya Minnesota ku America ili ndi nkhokwe yotchedwa IPUMS, momwe muli zigawo za mayankho enieni a makalembera akale a Malawi, monga a 1987, 1998 ndi 2008, maina atachotsedwa. Kafukufuku wa zaumoyo wa DHS, amene kuno anayamba mu 1992, alinso ndi mafayilo ake. Afrobarometer, yomwe yakhala ikufunsa Amalawi maganizo awo pa za ulamuliro kuyambira 1999, imakulolani kusanthula mayankho pa tsamba lake lomwelo osatsitsa kanthu. Magazini ya Malawi Medical Journal imawerengedwa kwaulere. Kale, kuti munthu wa pano aone lipoti la boma, ankayenera kukwera sitima, kenako basi, kukafika ku Zomba kumene kuli National Archives, ndipo m'nthawi ya Kamuzu ankayeneranso kukhala ndi yankho labwino la chifukwa chimene akufunira kudziwa.

Komabe ulere umenewu uli ndi zitseko zake. Madzulo ena tinakhala pakhonde, foni titaiika pazenera pamene netiweki imagwira bwino, n'kuyamba kudzaza fomu yopempha mafayilo a DHS. Fomuyo imafuna dzina, sukulu kapena bungwe, mutu wa kafukufuku, ndi ndime yofotokoza zimene udzachite ndi mayankhowo, zonse m'Chingerezi. Ukatumiza, umadikira kuti akuvomere. Atativomera, mafayilo anabwera, ndipo mnyamatayo anawatsegula ali ndi chimwemwe cha munthu amene walandira phukusi. Anangoti kakasi. Munalibe chiganizo ngakhale chimodzi. Munali mizere masauzande ndi masauzande ya manambala, pamwamba pake timaina ngati v012 ndi hv201. Kuti udziwe kuti v012 ndi zaka za mayi amene anafunsidwa, ndipo hv201 ndi kumene banja limatunga madzi akumwa, uyenera kutsitsa buku lina lalikulu. Kuti uwerengetsere chilichonse, uyenera kukhala ndi pulogalamu ya Stata kapena SPSS, zomwe n'zogula, kapena kuphunzira R, yomwe ndi yaulere koma imafuna miyezi ya kuleza mtima. "Amalume," anatero, "apa atipatsa kapena sanatipatse?" Ndinamuuza kuti atipatsa ndithu, ayambe kuwerenga buku lija, ndipo bandulo ya mawa ndigula ndine.

Vuto lalikulu silinali limenelo ayi, chifukwa luso limaphunzirika, ndipo mnyamatayo ndi wakhama. Vuto linali lakuti akasefa mafayilo ambiri kuti atsale ndi Likoma yekha, pankatsala anthu ochepa kwambiri moti sungamangepo mfundo. Taganizani za Afrobarometer. Nthawi zambiri imafunsa anthu 1,200 m'dziko lonse, owagawa molingana ndi kuchuluka kwa anthu m'madera. Mukawerengetsera ndi ziwerengero za 2018 zija, gawo la Likoma pa anthu 1,200 ndi munthu mmodzi. Palibe cholakwika ndi njirayo, cholinga chake n'kumva mawu a dziko lonse, ndipo imachita bwino. Koma amene akufuna kudziwa zimene anthu a pachilumba amaganiza za phungu wawo, za khonsolo yawo kapena za sitima, asakafune kumeneko.

Msodzi aliyense wa pano amadziwa kuti maso a ukonde ndiwo amasankha nsomba. Kafukufuku wa dziko lonse ali ngati ukonde wa maso aakulu: usipa umangodutsa. Koma kunabweranso wina wa maso aang'ono ngati neti ya udzudzu, umene sunasiye kanthu, ndipo umenewo ndi umene wandiganizitsa kwambiri.

Chakumapeto kwa 2005, ofufuza a ku Yunivesite ya Pennsylvania, motsogozedwa ndi Stéphane Helleringer ndi Hans-Peter Kohler, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, anayamba ntchito yotchedwa Likoma Network Study. Choyamba analemba kaundula wa anthu a nyumba iliyonse pachilumba. Kenako, kumayambiriro kwa 2006, m'midzi isanu ndi iwiri, anafunsa amuna ndi akazi a zaka 18 mpaka 35, anthu oposa 900. Funso lake silinali lamasewera: tchulani anthu amene mwagona nawo m'zaka zitatu zapitazi, mpaka asanu. Kuti munthu asachite manyazi, mafunso ankawamva m'makutu kudzera m'mahedifoni olumikizidwa ku kompyuta. Akalandira maina, ofufuzawo ankawayerekeza ndi kaundula uja kuti adziwe kuti wotchulidwayo ndi uti, ndipo amene anavomera ankayezedwa magazi kunyumba kwawo komwe. Kafukufuku wotere, wolumikiza munthu ndi munthu m'mudzi wathunthu, anali asanachitikepo mwa njira imeneyi kuno kum'mwera kwa Sahara, ndipo n'chifukwa chake anatchuka.

Zimene anapeza zinatuluka mu 2007 m'magazini ya AIDS. Theka la achinyamata amene anali atayamba zogonana anali olumikizana mu unyolo umodzi waukulu: uyu ndi uyu, uyo ndi winanso, mpaka mazana a anthu. Oposa mmodzi mwa anayi alionse anali olumikizana kudzera m'njira zingapo, kotero kuti ngakhale chibwenzi chimodzi chitatha, unyolowo sukanaduka. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti unyolowu sunamangidwe ndi anthu ochepa a zibwenzi zosawerengeka, amene timakonda kuwaloza zala pamaliro. Unamangidwa ndi anthu wamba, aliyense ndi anzake ochepa, amene aliyense payekha akanalumbira kuti ndi wodzisunga. Anapezanso chinthu chimene sankayembekezera ambiri: kachilombo kanali kochuluka kwa anthu amene anali m'mphepete mwa unyolowo kusiyana ndi pakati penipeni. Patapita zaka, m'nkhani ina, anasonyeza kuti anthu awiri a chibwenzi chimodzi kawirikawiri sankanena zofanana, makamaka pa zibwenzi za kunja kwa banja: wina atchula mnzake, mnzakeyo osamutchula. Zimenezi zinachenjeza aliyense amene amakhulupirira msanga ziwerengero za nkhani zakuchipinda. Ndipo kuyeza magazi kunyumba kunasonyeza kuti osaukitsitsa, amene sankapita kukayezetsa kuchipatala, ankavomera kuyezedwa akawapeza pakhomo pawo.

Izi ndi nzeru zenizeni, ndipo zinathandiza anthu akutali amene sadzaponda pa Mbamba pachilumba pano. Panthawiyo akatswiri ankakangana kwambiri ngati kukhala ndi zibwenzi zingapo nthawi imodzi ndiko kunafalitsa kachilombo kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo dzina la Likoma linkamveka m'mkanganowo. Nkhani yaitali yofotokoza momwe ntchito yonse inayendera inatuluka mu 2009 m'magazini ya Demographic Research, yofalitsidwa ku Rostock m'dziko la Germany, imene aliyense amawerenga osalipira. Pakati pa olemba ake pali Amalawi: Agnes Chimbiri, Praise Chatonda ndi James Mkandawire. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono, ndipo ndinganene kuti inalembedwa mwaulemu. Imafotokoza za usodzi wathu, za maulendo athu, za ubale wathu ndi anthu a kutsidya ku Mozambique, mwatsatanetsatane kuposa buku lililonse la sukulu limene ndinaphunzirapo.

Komatu pali mbali ina. Lowani pa Google Scholar, lembani dzina la chilumba chathu, muone zimene zimabwera pamwamba. Mupeza zogonana ndi kachilombo, kenako mbuna, tinsomba tokongola ta m'miyala tija, ndiyeno amishonale. Ofufuza aja sanasankhe Likoma chifukwa chakuti ndife osadziletsa kuposa a ku Mzimba kapena ku Mulanje. Anatisankha chifukwa tazunguliridwa ndi madzi, choncho ambiri mwa otchulidwa akanapezeka pachilumba pomwepa, pamene ku Lilongwe unyolo ukanathera pa depoti ya basi. Mfundo imeneyi ili m'nkhani zawo, koma wowerenga mutu wokha saiona. Dera lalikulu limameza mbiri yotere, chifukwa za Blantyre zalembedwa zikwizikwi, zabwino ndi zoipa. Dera laling'ono limavala chimene lapatsidwa. Ndinamvapo munthu wophunzira bwino wa kumtunda akuseka kuti ku Likoma nonse ndinu apabanja limodzi, ndipo ndinadziwa kumene anatola nthabwalayo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amati chilichonse chimene ofufuza asonkhanitsa chiikidwe poyera kuti aliyense atsitse. Pa ziwerengero za mvula, za mitengo ya chimanga, za ndalama za khonsolo, ndili nawo limodzi. Koma taganizani mzere umodzi wa m'fayilo, dzina litachotsedwa: mkazi, zaka 29, mudzi wakuti, anafika Fomu 2, ukwati unatha, ana atatu, amagulitsa nsomba. Wophunzira wa ku Philadelphia aona nambala. Mayi anga aang'ono, mukawawerengera mzerewo, akuuzani dzina lake, la amayi ake, ndi la mwamuna amene anamusiya, asanamalize kusenda chinangwa. Kuchotsa dzina kumabisa munthu pakati pa khamu, koma kuno khamu kulibe. A DHS, pofuna kuteteza ofunsidwa, amasuntha dala malo a mudzi pa mapu, mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 kumudzi. Ku Kasungu zimenezo zimakusokoneza ndithu pakati pa midzi yambirimbiri. Chilumba chathu kutalika kwake ndi makilomita 8 basi, mwina kupitirira pang'ono. Kulikonse kumene mungasunthire kadontho kaja, tidzakhala tikudziwana.

Ndiye ngati wina atandifunsa ngati mayankho a m'mahedifoni aja ayenera kupezeka kwa aliyense wokhala ndi bandulo, ndiyankha kuti ayi, ngakhale wofunsayo atakhala mwana wa mlongo wanga. Makamaka iyeyo, chifukwa ndi amene angazindikire anthu. N'zowawa kuvomereza kuti pa nkhani zina munthu woopsa kwambiri kumupatsa fayilo ndi mwini mudzi, koma ndi mmene zilili. Malawi anakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta mu 2024, ndipo makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, monga COMREC ku Blantyre, alipo kuyambira kale. Ndingakonde kuti amene amakhala m'makomitiwo azikumbukira kuti muyeso wokwanira kubisa munthu wa ku Ndirande sukwanira wa ku Chizumulu.

Chimene ndimadandaula nacho si fayilo. Ndi zotsatira. Mayi amene anakhala pansi, n'kuvala mahedifoni, n'kutchula maina amene sanawatchulepo ngakhale kwa wansembe, ndiye woyamba amene anayenera kumva kuti mayankho ake ataphatikizidwa ndi a anzake ananena chiyani. Nkhani zija zilipo kwaulere, inde, koma zili m'Chingerezi cha akatswiri, chimene ngakhale ine amene ndinapita kusukulu ndimawerenga ndi dikishonale pambali. Izi sizikukhudza kafukufuku mmodzi yekha. Malawi ndi dziko lofunsidwa kwambiri. Ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka kuli mabanja amene akhala akuyankha mafunso a kafukufuku wa MLSFH kuyambira 1998. Ku Balaka komweko kunachitikanso Tsogolo la Thanzi kuyambira 2009. Crystal Biruk, amene anayenda ndi magulu a ofunsa mafunso m'midzi ya ku Malawi, analemba buku lotchedwa Cooking Data mu 2018, momwe akufotokoza za sopo amene ofunsidwa ankapatsidwa ngati zikomo, ndi momwe ena ankadandaulira kuti nthawi yawo ndi zinsinsi zawo sizingagulidwe ndi sopo. Choncho tikamati ziwerengerozi n'zaulere, tikunena za amene akutsitsa. Amene anayankha analipira kale, ndi maola amene akanakhala kumunda kapena padoko, ndi manyazi, nthawi zina ndi dontho la magazi.

Kunena zoona, kulembedwa ndi alendo sitinayambe dzulo. Amishonale a UMCA anakhazikika pano m'zaka za m'ma 1880. Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, ndi William Percival Johnson, amene anakhala m'mbali mwa nyanjayi zaka zoposa makumi anayi, analemba zambiri za makolo athu. Johnson anatulutsa buku la Nyasa, the Great Water mu 1922. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's anayamba kuchimanga mu 1903 pa Chipyela, pamalo pamene kale ankawotcherapo oganiziridwa ufiti. Pano panali makina osindikizira mabuku ndi sukulu nthawi imene madera ambiri a kumtunda analibe, ndipo ana a Likoma anakakhala makalaliki, aphunzitsi ndi ansembe kuyambira ku Tanganyika mpaka ku Joni. Koma makalata ndi malipoti a mishoni, amene akanatiuza momwe midzi yathu inalili panthawiyo, ambiri ali ku Oxford. Intaneti yabweza pang'ono: mabuku akale amene nthawi ya umwini wake inatha amajambulidwa n'kuikidwa m'nkhokwe ngati Internet Archive. Mdzukulu wa munthu amene anasenza miyala ya tchalitchi angathe tsopano kuwerenga pafoni zimene mzungu analemba za agogo ake. Ndimakondwera nazo zimenezo, ngakhale mawu ena a m'mabukuwo amandiwawa.

Chinanso chimene tinaona pakhonde paja n'chakuti mafayilo amalekezera pa malire a dziko, pamene moyo wathu sulekezera pamenepo. Likoma ndi Chizumulu zili m'madzi a Mozambique. Ukaima kum'mawa kwa chilumba umaona Cobué bwinobwino. Nkhuni zambiri zimene timaphikira zimachokera kutsidyako, odwala a kumeneko amawoloka kudzagona pa chipatala cha St Peter's, ndipo mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziwiri. Amayi a usipa amene mnyamata uja ankafuna kulemba za iwo amagula kwa asodzi a mbali zonse, n'kukagulitsa ku Nkhata Bay ndi ku Mzuzu. Kalembera wa Malawi amawerenga ogona mbali ino. Wa Mozambique, wa mu 2017, amawerenga a m'boma la Lago m'chigawo cha Niassa, ndipo ali m'Chipwitikizi. Onse awiri ndi aulere, koma palibe fayilo imene bwato lodzaza nkhuni limaonekamo, chifukwa kwa aliyense wa awiriwo bwatolo ndi la mnzake. Wofufuza wa pano ayenera kusoka yekha mbali ziwirizo, ndipo chosokera chake ndi miyendo, kope ndi kudziwana ndi anthu.

Ulerewu nawonso uli ndi mwini thumba. Kumayambiriro kwa 2025, boma la America litadula ndalama za USAID, pulogalamu ya DHS, imene inayamba mu 1984 n'kufika m'maiko oposa 90, inaimitsidwa mwadzidzidzi, ndipo kwa kanthawi opempha atsopano sankalandiridwa. Pambuyo pake panapezeka thandizo lina ndipo zitseko zinatsegukanso. Koma ophunzira ambiri anaona tsiku limenelo kuti mayankho a amayi a ku Malawi, ofunsidwa ndi Amalawi m'zinenero za ku Malawi, angathe kutsekeredwa ndi siginecha ya munthu wa ku Washington. Kuchokera pamenepo, chilichonse chimene ndaloledwa kusunga ndimachisunga pa kompyuta yanga ndi pa fulashi. Koma imeneyo ndi nzeru ya munthu mmodzi. Malo oyenera kukhala mafayilo onsewa, otseguka kwa Mmalawi aliyense wotsatira malamulo ake, ndi ku Zomba, ndi m'malaibulale a mayunivesite athu.

Ndipo pali zambiri za pano zimene sizinakwerepo pa intaneti n'komwe. Tchalitchi chimasunga kaundula wa ubatizo, maukwati ndi maliro. Sukulu zili ndi marejisita. Chipatala chili ndi mabuku ake, a zausodzi amalemba za nsomba zogwidwa m'madoko, khonsolo ili ndi malipoti a chitukuko. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, koma ndi angati mwa ife amene tinalembapo kalata yopempha kuona momwe ndalama za chitukuko cha dera zinayendera? Ine ndikuganiza kuti wophunzira wa pano angapeze zambiri zokhudza Likoma m'makabati a pa Mbamba ndi pa Chipyela kusiyana ndi m'nkhokwe zonse za ku America. Zina mwa izo, monga ndalama za khonsolo ndi kuchuluka kwa nsomba chaka ndi chaka, ziyenera kupachikidwa pakhoma ndi pa intaneti pomwe. Zina, monga mabuku a chipatala, zikhale m'kabati momwemo, kiyi ali ndi mwini ntchito.

Mnyamata uja anamaliza ndi njira ziwiri. Ziwerengero za dziko lonse anazigwiritsa ntchito poyala maziko, kuti wowerenga adziwe kukula kwa boma lathu ndi momwe likufananira ndi Nkhata Bay. Zenizeni za nkhani yake anakazitenga padoko, m'mamawa, pamene usipa ukuyanikidwa pa matandala. Ndinamuperekeza tsiku lina. Mayi wina wachikulire, manja ali mamba okhaokha, anamuyang'ana kuyambira kumapazi, n'kufunsa kuti ndi mwana wa ndani. Atauzidwa, anaseka. "Ndiye iwenso wayamba zolembalemba? Anzako anabwera, tinawauza zonse, mpaka lero sitinamve." Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti iye ndi wa konkuno, sathawa. "Wa konkuno ndiye woipa," anatero mayiwo, "ukauza amayi ako ngongole zanga." Anakambirana kwa kanthawi, iye n'kulonjeza kuti salemba dzina, mudzi kapena zaka, ndipo mayiwo anavomera kuyankha za mitengo ndi za ulendo wa ku Mzuzu, koma za ngongole anakana. M'kope mwake malo amenewo anatsala opanda kanthu, ndipo ndinamuletsa kudzazamo zongoganizira, ngakhale tonse awiri tinkadziwa yankho lake.

Pobwerera ndinamuuza kuti akamaliza, alembe masamba awiri m'chinenero chathu, opanda mawu a kuyunivesite, adzawawerenge padoko pomwepo pamaso pa amayi aja ndi komiti ya padoko, iwo amutsutse pamene walakwitsa. Iye anati aphunzitsi ake sapereka malikisi pa zimenezo, ndipo nthawi yopereka ntchito yayandikira. Ndinamukumbutsa amene wakhala akugula bandulo. Tinagwirizana kuti adzawerenga pa holide ya Khirisimasi, tsiku limene sitima kulibe, chifukwa tsiku la sitima palibe mayi wa usipa amene angakhale pansi kumvera mwana wa sukulu.